Iyende ndi sensa, mpweya ungokhala

Mtima wakhala pansi tsopano pa nkhani yoyesa sensa zoyezera liwiro la kamphepo kofooka, kaja kosafika mita imodzi pa sekondi. Sensa zimenezi zili ndi kawaya kotenthetsedwa ndi magetsi kamene kamazizira mphepo ikamadutsa. Vuto lonse linali kupeza mphepo yodziwika liwiro kuti ndiyerekezere nayo, ndipo fani ya kompyuta youzira mu katoni singapereke zimenezo. Chimene chanditsegula mutu n'chakuti sensa sidziwa chimene chikuyenda. Kaya mpweya ukudutsa pa iyo, kaya iyo ikudutsa mu mpweya wongokhala, kawaya kake kotentha kamazizira chimodzimodzi. Nanga osayendetsa sensayo bwanji?

Tengani ndodo yopepuka yotalika theka la mita, imangeni pa stepper motor (kamota kozungulira pa liwiro limene mwakauza), sensa ikhale kunsonga. Ikazungulira kamodzi, sensa yayenda mamita 3.14. Mukaichedwetsa kuti izungulire kamodzi pa masekondi 31, mwapeza mamita 0.1 pa sekondi (0.1 m/s), ndipo umboni wanu ndi tepi yoyezera ndi wotchi basi. Arduino (kakompyuta kakang'ono kowerenga sensayo) ndi batire zikwere pa ndodo pomwepo, manambala azilowa mu SD card, apo ayi mawaya akulungana musanayambe n'komwe. Liwiro silikuyezedwanso ndi chipangizo china chimene nachonso chimafuna kuyesedwa. Likuchokera mu utali ndi nthawi, zinthu ziwiri zimene aliyense angaziyeze bwino.

Kwa ine njira imeneyi yaposa zonse, ngakhale wind tunnel yodula, chimpaipi chija chouziramo mphepo yodziwika liwiro, bola tikunena za liwiro lotsika. Si yachilendonso: Benjamin Robins ankazunguliza zinthu pa mkono wotere m'zaka za m'ma 1740, ndipo John Smeaton anayesa nawo mapiko a mphero zoyendera mphepo, n'kufalitsa zotsatira zake mu 1759.

Chimandiwawa n'chakuti m'kalasi mwathu teremu yonse inathera pa Pitot tube, chubu choyezera liwiro la mphepo poona mphamvu imene mpweya ukukankhira. Mpweya umalemera pafupifupi 1.2 kg pa cubic metre, ndiye pa 1 m/s chubu chija chimangoona 0.6 Pa (pascal, muyeso wa kukankha kwa mpweya), pa 0.1 m/s chimaona 0.006 Pa. Milimita imodzi ya madzi mu manomita, chubu cha madzi chowerengera kukankhako, ndi pafupifupi 9.8 Pa. Uwerenga chiyani pamenepo? Aphunzitsi analemba masamuwo pa bolodi, koma palibe anaima n'kunena kuti apa chubu chafika pamapeto ake, tifune njira ina. Lamulo la King la 1914 la sensa za kawaya kotentha, E² = A + B·Uⁿ (E ndi voteji ya pa kawayako, U ndi liwiro la mpweya, A, B ndi n ndi manambala opezeka poyesa sensayo), analipatsa mphindi zochepa, chonsecho ndi limene umafuna ukakhala ndi manambala m'manja. Mukajambula E² motsutsana ndi Uⁿ, n ali cha pa 0.45, madontho amandanda bwino mumzere, mpaka kumunsi kwenikweni komwe amapatuka chifukwa kutentha kwa kawayako kumakweza mpweya pakokha.

Chikundidetsabe nkhawa ndi ndodoyo. Ikazungulira kangapo imayamba kukoka mpweya kuti uziitsatira, ndiye sensa imamva liwiro locheperapo kuposa lowerengetsera. Ndimatseka mawindo, kuima patali, n'kungotenga kuzungulira koyamba mpweya utakhazikika, koma pansi pa 0.1 m/s sindikutsimikiza ngati ndikuyeza sensa kapena kusuntha kwa mpweya wa m'chipindamo. Mwina kangolo koyenda mumzere wowongoka kangathetse zimenezi, kungoti msewu wake ungathe sensa isanakhazikike, ndipo mayeso ayandikira.