Zikomo nonse, koma makamaka mayi aja a ku Lunzu

Ndatuluka m'chipatala dzulo madzulo. Dzanja lamanja lili m'pulasitala, ndiye ndikulemba ndi lamanzere, pomwe ndaphonya mundikhululukire.

Ambuye Mulungu, ndinu nokha. Ine mawu ndilibe.

Nkhani mwaimva kale. Kandege ka Cessna ka mipando inayi, tikuchokera ku Mangochi, injini kutsokomola kawiri kenako zii. Phiri la Michiru tikuliona, Chileka ili pomwepo koma yosafikika. Chete ujayo mpaka lero akumandidzutsa usiku, mphepo yokha ikuimba mluzu m'mapiko.

Apailoti, zikomo. Simunakuwe ngakhale kamodzi. Munaweramitsa mphuno ya ndege kuti isataye liwiro, munaitana Mayday (mawu opempha thandizo pangozi) pa wailesi, munatseka mafuta, n'kutiuza kuti titsegule zitseko tisanagunde pansi kuopa kuti zingakanirire ndege ikapindika. Munasankha munda wokolola kale ndipo munatsata mizere m'litali m'malo moidula. Tayala lakutsogolo linatitimirabe m'dothi, ndege n'kugadabuka, koma atatu tonse tikupuma.

Koma mayi aja! Ine ndili lende pa lamba, mutu pansi, magazi akulowa m'maso, fungo la mafuta ponseponse. Anthu anaima patali, ndipo sindikuwada, moto ukanabuka. Iwo anatula dengu la tomato, kukwawira pansi pa phiko, kudula lamba ndi kampeni kawo. Anang'amba chitenje chomwe anavala n'kundimanga pamphumi. "Mwanangu, musagone, tandiuzani kwanu n'kuti." Anafunsa funso lomwelo mwina kakhumi, ine kumayankha kuti ku Chilomoni, iwo kufunsanso. Ndazindikira ndili pabedi kuti ankangofuna ndisakomoke.

Amakaniko apeza madzi m'mafuta. Madzi ndi olemera kuposa mafuta a ndege, amakhazikika pansi pa thanki, pomwenso paipi imakokera. N'chifukwa chake asananyamuke amatapa pang'ono m'kabotolo n'kuyang'ana: mafutawo ndi abuluu, madzi amaoneka mbee pansi. Kanthu kosadzaza kapu. Za amene anayenera kuona, sindilankhula pano.

Mkazi wanga, wagona pabenchi masiku asanu ndi limodzi. Foni itamupeza akuti anangokumbukira 10 June 2024, tsiku lomwe ndege inagwa ku Chikangawa n'kutenga a Chilima ndi anzawo asanu ndi atatu, miyendo n'kulefuka pakhomo. Pepa mayi a ana anga. Achimwene, zikomo chifukwa cha magazi. Manesi a usiku, amayi a mvano ndi phala lanu la m'mawa uliwonse, anyamata a kabaza amene munatifikitsa pamsewu osafunsa ndalama, Mulungu akubwezereni pomwe mwachotsa.

Inu munathamangira kujambula vidiyo, ndi inu munalemba "RIP" pa WhatsApp mayi anga asanamve n'komwe, ndakuonani. Enanso tinkadyera limodzi kanyenya Loweruka lililonse, foni zanu zikuoneka kuti zinagwera limodzi ndi ndegeyo. Palibe kanthu.

Mayi aja anakana ndalama zomwe apailoti anawapatsa. Akuti anangotola tomato wawo yemwe anamwazika, n'kumapita kumsika mochedwa, chitenje chili chong'ambika. Chidutswa chija ndachichapa, chili pano, ndipo ndagula nsalu yatsopano yathunthu. Amene mumagula pamsika wa Lunzu, ndithandizeni kuwapeza. Pulasitala akangochoka ndikufuna ndikagwade pakhomo pawo ndekha.