Nambala ya minus yomwe inandidyera masabata awiri

Anzanga a IT, ngati pulogalamu yanu ya Kerberos (njira yomwe makompyuta amatsimikizirana pa netiweki kuti wina ndi ndani) ikugwira m'mawa, masana n'kukana, madzulo n'kugwiranso popanda chomwe mwasintha, musathamangire ku wotchi ngati mmene ndinachitira ine. Tsegulani uthenga womwe wakanidwawo muone sequence number yake, nambala yosonyeza ndondomeko ya mauthenga.

Ku ofesi kwathu kuno ku Lilongwe ndinalemba kapulogalamu kolandira mauthenga obisika a Kerberos otchedwa KRB-PRIV kuchokera ku makina akale omwe tinagula kwa kampani ina. Tikayesa kakhumi, mwina kasanu zinkatheka, kwinako kumabwera error 42, Message out of order. Poti magetsi amazimazima ndipo seva imadzuka ndi jenereta, maganizo anga onse anapita ku nthawi. Nthawi zambiri Kerberos imalola mawotchi a makina kusiyana mphindi 5 zokha, choncho ndinakhala masiku atatu ndikulimbana ndi NTP, njira yolinganizira mawotchi a makompyuta. Koma vuto la wotchi lili ndi nambala yake, 37, osati 42. Zinali zolembedwa pamaso pangapa.

Chomwe chikundiwawabe mpaka pano ndi Lachinayi lija. Ndinadzuka m'mamawa ku Area 25, minibasi kudikira kuti idzaze, ndikatsika kukweranso kabaza mpaka ku City Centre komwe kuli ofesi ya amene anatigulitsa makinawo. Pa resepishoni anati sindingaonane ndi injiniya ndisanalipire ndalama ya support. Ndinaimbira abwana, ananditumizira, ndinalipira. Ndinakhala pa benchi kuyambira 9 koloko mpaka cha m'ma 3, laputopu pamiyendo, osadya kanthu poopa kuti andiitana ndili kunja. Injiniya atatuluka sanafune n'komwe kuona ma log omwe ndinasindikiza. Anangoti, "Achimwene, kazimitseni ndi kuyatsanso, kwa ena zikuyenda bwino." Tsiku lonse limenelo, ndi ndalama pamwamba, yankho lake limenelo! Ndinafika kunyumba mdima utagwa, mtima uli phuphuphu.

Zinadziwika Loweruka, nditatsala ndekha mu ofesi. Ndinajambula mauthenga ndi Wireshark, pulogalamu yoonera zomwe zikudutsa pa netiweki. Paja sequence number imakhala mkati mwa gawo lobisika, ndiye popanda keytab, fayilo yosunga makiyi a seva, simuiona. Gwiritsani ya seva yoyesera, ndipo mukamaliza ifufuteni pa laputopu, chifukwa keytab ndi kiyi weniweni. Nditatsegula Authenticator (gawo la uthenga woyamba lomwe limanyamula nambala yoyambira) ya ulendo womwe unalephera, sequence number inali ndi minus kutsogolo. Ndinayang'ana ina yolephera, minus. Zonse zomwe zinatheka zinalibe.

Nkhani yake ndi iyi. RFC 4120, chikalata cha malamulo a Kerberos cha mu 2005, imati nambalayi imayambira 0 kufika 4294967295, ikafika pamenepo imabwerera ku 0. Koma INTEGER ya ASN.1, yomwe ndi kalembedwe ka nambala m'mauthenga a Kerberos, imawerenga bit yoyamba ngati chizindikiro cha minus. Choncho nambala iliyonse kuyambira 2147483648 kupita m'mwamba imafuna ma byte 5, yoyamba ikhale 00. Makina akale aja ankatumiza ma byte 4 okha. Mwachitsanzo FF FF FF FE, iwo akutanthauza 4294967294, pulogalamu yanga ikuwerenga -2. Poti nambala yoyamba imasankhidwa mwachisawawa, pafupifupi theka la maulendo imagwera kumtunda kuja. N'chifukwa chake zinkakana kasanu pa khumi.

Kukonza kwake kunatenga mphindi zochepa. Ndikalandira nambala ya minus ndimaiphatikiza ndi 4294967296 ndisanaifananize ndi yomwe ndikuyembekezera, ndipo RFC yomweyo imalola zimenezi. Nambala yanga yoyamba ndimaidula kuti isapitirire ma bit 30, monga imachitira pulogalamu ya Kerberos ya ku yunivesite ya MIT, kuti makina akale asatsamwe nayo.

Ndikanaiwala za ziro. Mapulogalamu ena sequence number ikakhala 0 saitumiza n'komwe. Ndiye mukamayembekezera 0 n'kupeza palibe, landirani, koma inuyo musayambire pa 0. Yesaninso pamene nambala ikudutsa 4294967295 kubwerera ku 0, chifukwa kapulogalamu kanga kanagwa pomwepo ulendo woyamba.

Ndikubwerezanso, tsegulani uthengawo muone nambala musanapite ku ofesi ya wina aliyense. Lolemba ndinawatumizira imelo a kampani aja, ndi chithunzi cha minus uja komanso gawo la RFC, ndikupempha kuti akonze mbali yawo ndi kutibwezera ndalama ya support. Lero ndi tsiku lachisanu ndi chinayi, sanayankhe.