Zaka zitatu kuti ndione duwa la rozi lomera ku njere yanga

Lamulungu lapitali kamtengo kanga ka rozi, kotalika ngati pensulo, kanatulutsa duwa. Si lokongola ayi: timasamba take tisanu tokha, pinki wake wosuluka ngati chitenje chakale. Koma duwa limeneli kulibe kwina kulikonse padziko lino, chifukwa makolo ake ndinawakwatitsa ndine, kuseri kwa nyumba kuno ku Zomba. Zanditengera zaka zitatu, ndipo ziwiri mwa zakazo zinangolowa m'madzi.

Ndiyambe ndi chimene chimandipsetsabe mtima. Musagule njere za rozi wabuluu pa intaneti. Ine ndinaona chithunzi, duwa labuluu ngati thambo la mu Ogasiti, mtima dyokodyoko, ndinapempha mphwanga wa ku Johannesburg kuti andilipirire. Patatha miyezi iwiri anandiimbira kuti katundu wafika ku Blantyre. Ndinalawirira pa minibasi, kufika pa ofesi ina 8 koloko. Mayi wa pawindo anayang'ana kaphukusiko, n'kundiyang'ana ine.

"Bambo, izi ndi mbewu. Chilolezo cholowetsera mbewu m'dziko muno chili kuti?"

"Mayi, ndi njere za maluwa chabe, sizidzadza ndi supuni yomwe."

"Mbewu ndi mbewu, bambo. Pitani chipinda chachitatu."

Ku chipinda chachitatu mwini wake anali ku msonkhano. Ndinakhala pabenchi mpaka 12, anthu anapita kokadya, ine pomwepo ndi njala yanga. Atabwera cha m'ma 2 anandiuza kuti pepalalo munthu amapempha katundu asananyamuke komwe akuchokera, ndipo wogulitsayo amayenera kuyikamo chikalata chosonyeza kuti mbewuzo zilibe matenda. Lamulolo sindilitsutsa, tizilombo timalowadi m'dziko kudzera m'mbewu. Chimene chinandiwawa n'chakuti mawu awiri amenewa akanatha kundiuza pafoni m'mawa muja. Ndinabwerera chimanjamanja, thiransipoti yapita, tsiku lapita. Usiku womwewo ndi pomwe ndinawerenga kuti rozi alibe n'komwe mphamvu yopanga mtundu wabuluu. Kampani ya ku Japan ya Suntory inachita kulowetsa jini (kachidutswa ka chibadwa) ya duwa lina mu rozi, ndipo duwa lawo la Applause, lomwe anayamba kugulitsa mu 2009, limangooneka lofiirira motuwa. Ndiye ine wa ku Zomba ndimati ndipeza buluu m'kamvulopu!

Apa ndi pomwe ndinati bola ndipange njere zanga. Vuto loyamba ndi mayina. Ku manazale a m'mbali mwa msewu ukafunsa kuti rozi uyu dzina lake ndani, amakuyankha kuti "wofiira". Ndinathera bandulo yambiri pa tsamba la HelpMeFind kufananitsa zithunzi ndi maluwa anga. Tsambali limakuuza amene anapanga duwalo ndi chaka chake, koma ukafuna kutsata mtundu wake mpaka kwa agogo, amafuna ulipire. Awiri ndinawazindikira: wapinki wamtali uja ndi Queen Elizabeth wa Walter Lammerts, wa mu 1954, ndipo wachikasu wa m'mbali mwa pinki ndi Peace, wa Francis Meilland wa ku France. Queen Elizabeth ndinamusankha kukhala mayi chifukwa sabvuta kubereka tizipatso.

Kukwatitsa kwenikweniko si ntchito yaikulu. M'mawa kwambiri, njuchi zisanadzuke, sankhani duwa lomwe latsala pang'ono kumasula. Thotholani timasamba tonse ta duwalo, kenako dulani timitu tachikasu tonse tozungulira pakati, musasiye ndi kamodzi komwe, apo ayi duwalo lidzipatsa lokha mungu. Ku duwa la bambo tengani timitu tomweto, muike m'kabotolo kouma, tigone tsiku limodzi mpaka mungu uyoyoke ngati ufa wachikasu. Mawa lake pakani mungu uja pa timinyanga ta pakati pa duwa la mayi. Ena amagwiritsa kabulashi, ine chala. Vindikirani ndi kapepala, osati jumbo, jumbo imachita thukuta n'kuwoletsa duwa. Ndipo mangiriranipo chizindikiro: mayi ndani, bambo ndani, tsiku liti. Lembani ndi pensulo. Bolopeni imafufutika.

Ndayiwala kunena za nyengo, pomwe mpamene chaka changa choyamba chinathera. Malangizo ambiri pa intaneti amalembedwa ndi anthu a ku America ndi ku Ulaya, kalendala yawo si yathu. Ine ndinayamba mu Januwale, mvula ili pakati, tizipatso tonse tinada n'kuthothoka. Tsopano ndimadikira mvula ithe, cha mu Epulo kapena Meyi. Kachipatso kamatenga miyezi itatu kapena inayi kuti kasinthe mtundu kukhala kofiirira ngati kaphwetekere. Mukakang'amba ndi lezala kuti mutulutse njere, samalani ndi tiubweya ta mkati, timayabwa ngati chitedze.

Njerezo mukangozifesa sizimera, zimafuna zimve chisanu kaye, ndipo kuzizira kwa pa Zomba pano sikukwanira. Zikutireni m'kathishu konyowa pang'ono, muike m'kajumbo, mulowetse mu furiji mbali ya ndiwo zamasamba, osati moundanitsa nyama muja, kwa milungu pakati pa 6 ndi 12. Chaka chachiwiri ndinanyowetsa thishu mopitirira, magetsi n'kumathimathima, tijumbo tinachita nkhungu. Tsiku lina ndikuchokera kuntchito mayi a kunyumba akundilandira ndi mawu akuti, "Abambo, zinyalala zanu zija ndataya, zimanunkhitsa furiji." Njere 40, ntchito ya miyezi isanu ndi iwiri, kudzala. Sindinayankhe kanthu, chifukwa zomwe ndinalemba ndi bolopeni pa tijumbopo zinali zitafufutika kalekale. Akanadziwa bwanji? Pensulo, anthuni, pensulo, ndipo a m'nyumba auzeni.

Chaka chomwecho ndinayesanso kupaka mungu wa rozi wa kumpanda, wa timaluwa ting'onoting'ono toyera uja, pa Peace. Ndinapeza njere ziwiri, palibe inamera. Rozi ambiri amakono ali ndi makromozomu (timaulusi tonyamula chibadwa) 28, pomwe ambiri akutchire ali ndi 14. Mwana wa awiriwa amakhala ndi 21, ndipo kawirikawiri amavuta kubereka, ngati nyulu. Akatswiri amatha kudutsa pamenepa, koma woyamba kumene ayambe ndi amakono okhaokha.

Ulendo uno ndinafesa njere 31 m'dothi la mchenga wosakaniza ndi manyowa owolerana, pamthunzi chifukwa dzuwa la Okutobala silisewera. Zinamera zisanu ndi imodzi, ziwiri zinawola patsinde chifukwa chothirira kwambiri. Kamene kachita duwa kanangotenga milungu isanu ndi iwiri chimerereni. Tinato titatu tili ndi timphukira, ndipo kamodzi masamba ake alibe ndi dontho lakuda lomwe la matenda, pomwe Peace, bambo wake, wangoti mathothomathotho. Kameneko ndi komwe ndikukayang'anira. Kakakhwima ndidzadula nthambi n'kubzala, poti njere zake sizingabwezenso duwa lomwelo.