Tambala wa apongozi adapita ndi dayisi

Alamu anga amakonda ludo kuposa nsima. Loweruka lina atabwera kwathu ku Lunzu adayala bolodi pakhonde, ndipo masewero atafika pokoma tidasiya bolodiyo n'kuyamba kubetcherana pa dayisi yokhayo, ma K200 basi.

Ine masamu a MSCE ndidakhoza, ndipo sindilola kuti mudzi uiwale zimenezi. Ndidayamba kuwaphunzitsa alamu. Dayisi ili ndi mbali 6. Mukafuna kuti pagwe 1 kapena 6, mumangophatikiza mwayi wa 1 pa 6 ndi wina wa 1 pa 6, mupeza 2 pa 6, chifukwa dayisi singaonetse 1 ndi 6 nthawi imodzi. Alamu ankangovomera, "Eya, aphunzitsi," uku akukutumula chimanga chokazinga.

Apa m'pamene nzeru zidandibwerera. Manambala ogawika ndi 2 alipo atatu: 2, 4, 6. Manambala oposa 3 aliponso atatu: 4, 5, 6. Atatu kuphatikiza atatu ndi 6 pa 6. Dayisi yonse yanga! Mtima udagunda, koma nkhope ndidaiumitsa.

"Alamu, tiyeni tisiye zachibwanazi. Pakagwa nambala yogawika ndi 2, kapena yoposa 3, ndadya ine. Zina zonse n'zanu. Ikani K15,000, ine ndiika tambala uyo."

Tambalayo sanali wamba. Mayi akunyumba adamusunga kuyambira Khirisimasi kudikira apongozi, omwe amabwera m'mawa mwake kuchokera ku Ntcheu. Koma munthu ukadziwa kuti sungaluze, ngakhale denga la nyumba ukhoza kubetcha.

Alamu adauzira dayisi m'manja, n'kuponya. Idagubuduka, kugunda mwendo wa mpando, n'kuima. Padagwa 3.

Ndidaiyang'ana 3 uja nthawi yaitali. Ndidati dayisiyo ndi yokhwimira. Ndidati mwendo wa mpando walowerera. Alamu sadayankhe, anali kale kuseri kwa nkhokwe akuthamangitsana ndi tambala.

Mwana wanga wamkazi, amene ali ku sekondale, adaona zonse akutsuka mbale. Adatola kamtengo n'kujambula pansi zozungulira ziwiri zolowana pakati. Akuti dzina lake ndi Venn diagram, ya mkulu wina wa ku Cambridge, John Venn, yemwe adaifalitsa mu 1880. Ine mumtima: mzungu wa kalekale ameneyu akudziwa chiyani za tambala wanga? Mbali ina adalemba 2, mbali ina 5, pakati polowana paja 4 ndi 6.

"Ababa, 4 ndi 6 mwawawerenga kawiri. Ali uku, alinso uku. Mukaphatikiza 3 ndi 3 muzichotsapo awiri apakatiwa. Mwayi wanu unali 4 pa 6. Onani, 1 ndi 3 ali panja, amenewo anali a amalume."

Kutanthauza kuti alamu, osadziwa ndi masamu omwe, anali ndi mwayi wa kamodzi pa katatu. Mayi akunyumba, omwe anali atatulukira ndi mthiko m'manja, adathirirapo: "Mayi woimba kwaya yemwenso ali wa Mvano, pa zinkhoswe mumamugawira mbale ziwiri, inu bambo a masamu?"

Mwana uja, pofuna kunditonthoza, adati ndikadanena kuti nambala yogawika ndi 2 kapena yosagawika ndi 2, zozungulirazo sizikadakhudzana, ndipo 3 ndi 3 akadakwanadi 6 pa 6. Sindidadikire kuti amalize. Ndidathamanga opanda nsapato mpaka kwa alamu, n'kuwapeza madzi atawira kale, nthenga zili mbwee pabwalo.

"Alamu, kamodzi kokha komaliza. Ikagwa yogawika ndi 2 kapena yosagawika, ndadya ine."

Adandiyang'ana, tambala ali m'manja. "Aphunzitsi, nanga ine ndidya ikagwa iti?" Kenako adandipatsa mutu ndi zipalapasiro m'kajumbo kuti ndikalandirire apongozi.