Alamu anagona tulo ndikuwaluka

Loweruka lapitali ndaluka knotless, kuluka kwa meshi kopanda mfundo patsinde, koyamba pamutu wa munthu wopuma, osati pa chidole changa chophunzirirapo kuluka. Tinakhala pansi 7 koloko m'mawa, tinadzuka 4 koloko itapitirira. Maola 9, kuphatikizapo nthawi ya nsima. Ku saluni atsikana awiri akagwirizana mutu womwewo amaumaliza dzuwa lisanapendeke, ndiye pa liwiro ndilibe chodzitamira. Chomwe ndabwerera pano n'china. Cha m'ma 2 koloko, ndili pa liwombo, ndinangoona mutu wa alamu ukugwera pabondo langa. Agona. Tulo teniteni, mkonono pang'ono, ine zala zili m'tsitsi mwawo.

Amene munalukidwapo mukudziwa kuti tulo sitibwera pamutu womwe ukukokedwa.

Kwa amene mwangoyamba kunditsatira: ine si wa saluni. Pakati pa sabata ndimakhala pakauntala m'shopu ina kuno ku Salima, kuluka ndimaphunzira Loweruka ndi Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi. Ndinayamba mu Juni, mwera uli pakati, ndi chidole chomwe ndinakagula ku Malangalanga ku Lilongwe. Chinalibe choimikira, ndiye ndinachizika pa mpini wakale wa khasu, mpiniwo n'kuumangirira kumwendo wa tebulo ndi mphira.

Chinandiyambitsa ndi mkwiyo. Disembala watha kunali ukwati wa msuweni wanga, ndinapita ku saluni ina kuno kwathu, dzina ndisunga. Anandiuza kuti ndifike 8 koloko. Ndinafika, ndinakhala pabenchi mpaka 11, anthu obwera pambuyo panga akulowa chifukwa choti ndi odziwika. Atandiyamba, pamutu panga panadutsa manja a anthu atatu, aliyense kukoka kwakekwake, wina foni ataipana ndi phewa akukangana ndi munthu za ndalama ya banki m'khonde. Ndikati ndisunthe khosi, yankho linali lakuti, "Asisi, kukongola n'kupirira." Pomaliza mtengo unakwera, ati tsitsi langa ndi lambiri, ngati kuti lamera ndili pampando pomwepo. Usiku ndinamwa Panado, ndinagona chafufumimba poti pilo sindikanamukhudza ndi nkhongo. Pofika tsiku lachitatu tiziphuphu tinali ndanda m'khosi monse. Ndinamasula patatha masiku 5, ndipo tsitsi la m'mbali mwa mphumi linatsagana ndi meshi. Kumanzereku mpaka lero silinabwerere bwino.

Koma nanenso ndili ndi mlandu wanga. Ndinakhala chete tsiku lonse, kuopa kuoneka wovuta. Mbewa ya manyazi ija inafera kuuna ndinali ine.

Za Juni ndi Julayi sindichedwapo. Inali mizere basi, pa chidole, kuluka n'kumasula, kuluka n'kumasula. Mizere yanga yoyamba inkayenda ngati njira ya ng'ombe zopita kudambo. Ndinazindikira mochedwa kuti vuto silinali zala koma kagawidwe: mzere ukakhota poulemba ndi mchira wa chipeso, ngakhale uluke bwino chotani umakhotabe. Vuto lina la chidole ndi lakuti sichilira. Umakoka mmene ungathere, icho chili phee, ukuganiza kuti ukukhoza. Miyezi iwiri ndinkadziphunzitsa dzanja lomwe lija linandizunza.

Mutu wa munthu wophunzirirapo ndi wosowa kuposa mmene mungaganizire. Ana a achemwali anga onse ali pa sukulu ya boma, ndipo kumeneko mtsikana amameta, tsitsi likangotukuka pang'ono aphunzitsi amubweza. Ndimamva anthu akunena kuti lamulo lija linatha, koma chomwe khoti lalikulu ku Zomba linagamula mu Meyi 2023, kudzera mwa Justice Zione Ntaba, chinali chokhudza ana a chi Rasta, kuti asakanizidwe sukulu chifukwa cha madiredi. Mwana wa achemwali akadali kupita kwa wometa mwezi ndi mwezi.

Zinthu zinatembenuka mu Ogasiti, nditapita kukaona azakhali ku Chipoka. Ndinatenga chidole kuti ndikawaonetse luso. Anachiyang'ana, anagwira mzere umodzi ndi chala, n'kuti, "Mwanawe, uyu akanakhala munthu bwenzi pano ali kuchipatala." Kenako anayala mkeka pansi pa mtengo wa mango, anati ndikhale pakati pa miyendo yawo, andimange ndi ulusi.

Ndinali nditaiwala kuti kumanga ndi ulusi kumamveka bwanji. Amagawa tsitsi timagulu, amapaka mafuta pang'ono, n'kuzunguliza ulusi wakuda kuchokera patsinde mpaka kunsonga. Chomwe sindinkadziwa ndili mwana n'chakuti sayambira pakhungu penipeni. Amasiya kampata kakang'ono, koti nsonga ya chala ilowe, ndiye ulusi umagwira tsitsi osati khungu. Akamaliza kagulu kamodzi amati, "Takweza nsidze. Tatembenuka uku. Tayasamula." Pakangomveka kukoka, amamasula n'kuyambiranso, osadandaula. Mayeso amenewo ndawatenga, ndipo ndi amene ndinkawapatsa alamu Loweruka mpaka anatopa nane.

Akundimanga choncho nkhani zinkatuluka zokha. Ati pa utsikana wawo kulukana sikunali kwa ndalama. Madzulo mukachoka kunyanja kotsuka mbale, lero iwe uluka mnzako, mawa iye aluka iwe, ndipo ukakhala ndi dzanja lowawa mbiri inkamveka mudzi wonse, n'kusowa wokuluka. Wofuna tsitsi lowongoka ankaliwotcha: kupaka Vaseline, kenako kudutsitsa mwala wosalala kapena chipeso chachitsulo chomwe chakhala pamoto. Anandionetsa chipsera pamwamba pa khutu, cha zaka zoposa 40. Ndipo zonsezo mvula ikangowaza kamodzi, tsitsi labwerera mwakale.

Afro anaivalapo m'ma 1970, yopesa ndi chipeso cha mano ataliatali chija. Iwo amati nthawi ya a Kamuzu mutu ndi pomwe mkazi ankaonetsera fashoni, poti lamulo la kavalidwe la 1973 linatseka mathalauzi ndi masiketi afupiafupi mpaka 1993. Amuna ndiye analibe mwayi, tsitsi lalitali linali mlandu, moti alendo ena ankametedwa pabwalo la ndege asanalowe m'dziko. Kenako kunabwera Jheri curl m'ma 1980, yonyezimira, yonona, yosiya chizindikiro pa pilo ndi pa kolala ya bulauzi. Azakhali amaseka akamakumbuka mipando ya basi ya nthawi imeneyo. Relaxer, mankhwala owongolera tsitsi aja, itafala, aliyense anathamangira Dark and Lovely ndi Sofn'free, ndipo apa ndi pomwe nkhope yawo inasintha. Ati ankauzana kuti mankhwala akayamba kuwotcha ndiye kuti akugwira, upirire. Si zoona ayi. Mankhwala aja ndi aukali, ena amakhala ndi sodium hydroxide, ndipo kuwotchako ndiye kuti khungu likupsa. Retouch, kubwereza mankhwalawo tsitsi likakula, imayenera kudikira masabata 8 kapena kuposerapo, ndipo amapaka pa tsitsi lomera kumene lokha, koma ambiri ankabwereza mwezi uliwonse mutu wonse. N'chifukwa chake amayi ena a msinkhu wawo duku silichoka kumutu.

Ndinabwerako ku Chipoka nditamangidwa ulusi, ndinakhala nawo sabata ziwiri. Nditamasula, tsitsi linali litatambasuka ngati ladutsa pa dilaya, popanda moto uliwonse. Chodabwitsa, atsikana a pa TikTok akuonetsa zomwezi ngati zatsopano, ena akumangira pansi pa wigi.

Seputembala yense inali meshi. Apa pali ntchito yomwe wolukidwa saiona. Paketi ukaitsegula nsonga zimakhala zodulidwa mofanana, ndiye umaikoka pang'onopang'ono kuti ziwonde, apo ayi chingwe chimathera ngati tsache. Ndinakhomera misomali 20 pathabwa, ndipo usiku wa Lachisanu ndimagawiratu meshi n'kukoleka pamenepo, kuti Loweruka dzanja lizingotola. Ndimayambanso ndaiviika m'madzi osakaniza ndi viniga kwa mphindi ngati 20, kutsukuluza, n'kuyanika. Mudzaona kanthu koyera kakuyandama pamwamba pa madzi. Ndi mankhwala omwe amapaka kufakitale, ndipo kwa anthu ena ndi amene amayambitsa kuyabwa kuja timanamizira mfundu. Kuno ku Salima, ndi kutentha kwa Okutobala thukuta likuyenderera m'mizere, kusiyana kwake kumamveka. Pomaliza nsonga ndimaziviika m'madzi owira a pambaula kuti zisamasuke. Thawulo likhale pakhosi la munthu musanayandikize jagi, chonde. Ine ndinadziwotcha chala chachikulu sabata yachiwiri.

Meshi yakwera mtengo, izi sindikuuzani zachilendo. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, paketi ya Darling kapena X-pression umaigwira kawiri usanapereke ndalama. Yophunzirira ndimamasula pa chidole, kuipesa, n'kuigwiritsanso ntchito mpaka itakwinyika ngati udzu wa mbalame.

Knotless ndinaisankha dala. Kuluka kwa meshi komwe tinazolowera kumayamba ndi mfundo patsinde, meshi yonse imakoloweka pamenepo, kulemera konse n'kugwera pa titsitsi tochepa. Knotless umayamba ndi tsitsi la munthu lokha, kuluka kawiri katatu, kenako n'kumalowetsa meshi pang'onopang'ono. Patsinde pamakhala pofewa, munthu atha kumanga m'mwamba tsiku lomwelo. Kuipa kwake imadya nthawi, komanso imafulumira kuoneka yakale poti tsitsi lenileni limatulukira msanga. Ine ndalolera zimenezo. Za frontal, wigi yomata ndi guluu pamphumi, sindinazigwire ndipo sindikuzifulumirira. Ndinaona mayi wina pa Kamuzu Road akutsika kabaza masana, guluu atasungunuka, wigi yayamba ulendo wobwerera kumbuyo. Zimenezo n'za ku Dedza kozizira.

Kumayambiriro a mwezi uno mnzanga wina yemwe ali ndi kasaluni njira ya ku Senga Bay anandilola kuti ndikathandize kumalizitsa michira Loweruka limodzi. Kachipinda kamodzi, mipando itatu, dilaya imodzi, koma anthu amachoka kutali kumutsata. Ndinakhala tsiku lonse ndikufufuza chinsinsi. Munthu akalowa amamupatsa moni ngakhale manja ali pamutu wa wina, n'kumuuza zoona: "Amayi, pali awiri patsogolo panu, pitani kumsika mubwere 1 koloko." Mtengo amanena atagwira tsitsi, asanatsegule paketi. Akaluka zingwe zitatu zoyamba amapereka galasi kuti munthu aone kukula kwake kusanachedwe. Zipeso zimagona m'beseni la madzi a sopo pakati pa mutu ndi mutu, chifukwa chipere sichisankha. Ndipo magetsi akakhala okayikitsa amaneneratu asanakunyowetse, osati uli ndi marola kumutu ndiye azikuuza kuti ukakhale padzuwa. Mtsikana wina anabwera ndi zilonda m'mutu akufuna retouch, anamubweza bwinobwino, ndalama n'kuisiya ipite.

Tsiku lomwelo ndinaonanso mbali inayo, ndipo mkwiyo wanga wa Disembala unatsikako pang'ono. Oluka amaima kuyambira m'mawa, msana ukuwawa, chakudya ndi mandasi odyera chiimire. Wina amabwera ndi chithunzi cha pafoni cha munthu wa tsitsi lofika m'mapewa, iye lake losakwana kugwira ndi zala ziwiri, akufuna zifanane ndendende. Wina atalukidwa maola 5 anati, "Ndikutumizirani pa Mpamba ndikafika," ndipo mnzangayo anangondiyang'ana. Ndinamvetsa chifukwa chake ena amakoka: tsitsi lalifupi ukaligwira molimba silipulumuka, umathamanga, mutu wotsatira ukhale pampando. Komanso makasitomala ena amafuna zimenezo, amati zothina ndiye zimakhalitsa. Zimakhalitsadi, koma tsitsi la m'mbali ndi lomwe limalipira, ndipo ukabwereza zaka zambiri mizu imafa osameranso.

Tsopano zolakwika za pamutu wa alamu, poti sindingakubisireni. Kunkhongo magawo ndi aakulu kuposa kutsogolo, ndinayamba ndi mantha ndipo ndinamaliza ndi kutopa. Zingwe sizinathere pamodzi, zina zafika m'chiuno zina zalekera pamsana, ndinachita kudula ndi sizasi kuti zifanane. Jelo ndinachulutsa, pofika Lolemba panali zoyera m'mizere. Ndipo Lachiwiri anandiimbira kuti chingwe chimodzi cha pafupi ndi khutu chapulumuka akusamba. Chimenecho ndinachifewetsa mopitirira, tsitsi la pamenepo ndi lalifupi. Pakati pa kukoka ndi kulekerera pali kamalo kochepa kwambiri, ndipo zala zanga zimakapeza mwa apo ndi apo.

Achimwene atabwera madzulo a Loweruka lija anazungulira akazi awo kawiri, n'kufunsa kuti alipira zingati. Atamva kuti ulere, anati ndiye nzabwino kwambiri.

Mutu wotsatira ndi wa amayi oyandikana nawo nyumba, akufuna mizere yopita kumbuyo ya tsitsi lawo lokha, pa chinkhoswe cha mwana wawo sabata ya mawa. Ali ndi imvi ndipo tsitsi ndi lopyapyala pa liwombo, ndiye ndawauza kuti tiyesere kaye Lachinayi madzulo. Azakhali nawo atumiza uthenga kuti akubwera kumapeto a mwezi kudzagula feteleza, ndipo ndiwasungire alamu asamasule, akufuna adzalowetse chala patsinde okha.