Masipika akale, memori yochepa: pomwe ndafika ndi nyimbo za m'nyumba

Anzanga okonda zoimbaimba, ndabweranso ndi nkhani ya masipika anga aja. Panopa m'nyumba muli atatu, onse a kampani ya Sonos, yopanga masipika olumikizika pa netiweki, onse ogula kwa anthu amene anayamba awagwiritsapo ntchito. Play:5 yoyambirira ija ili pabalaza, Play:1 imodzi ili kuchipinda, inzake ili kukhitchini pamwamba pa kabati. Cholinga changa sichinasinthe. Ndikufuna nyimbo zonse zizichokera mu hard disk ya pakhomo pano, osati pa intaneti, chifukwa mtengo wa bandulo tonse tikuudziwa. Hard diskiyo ndinailumikiza ku kakompyuta kakang'ono kotchedwa Raspberry Pi, ndipo Pi ili pa waya wopita ku rauta.

Chimene chanditsegula maso ulendo uno ndi chakuti sipika yotereyi ndi kakompyuta kokhala m'bokosi la sipika. Ili ndi purosesa, ili ndi memori yogwirira ntchito, ilinso ndi memori ina yosungiramo pulogalamu yake. Foni yanu ndi yongolamula basi. Ikatumiza lamulo, sipika imakatenga nyimboyo yokha, n'chifukwa chake mutha kuzimitsa foni nyimbo n'kumalirabe. Ndiye mukafuna kudziwa zomwe zili m'mimba mwa sipika yanu, pezani IP yake (nambala ya adiresi yake pa netiweki) pa rauta, muilembe pa browser, kumapeto kwake muonjezere :1400/xml/device_description.xml. Pabwera tsamba la zilembo zothinana, koma mukafufuza modekha mupeza mizere iwiri, wina wolembedwa memory, wina flash. Pa Play:5 yanga paliponse palembedwa 32. Mamegabaiti 32! Nyimbo imodzi yaitali ya FLAC, mtundu wa fayilo wosataya mawu, imatha kuposa pamenepo. Ma Play:1 aja akuonetsa nambala yokwererapo, ngakhale thupi lawo ndi laling'ono ndipo mawu awo sangafanane ndi a mkulu wawoyo. Ukulu wa bokosi sukuuzani kanthu za memori.

Apa m'pamene mbiri ya 2020 inandimvekera bwino. Mu Januwale chaka chimenecho kampani ya Sonos inalengeza kuti zipangizo zake zakale zisiya kulandira mapulogalamu atsopano. M'gulumo munali ma ZonePlayer oyambirira, Bridge, CR200, Play:5 yoyamba ya 2009, komanso ma Connect ndi ma Connect:Amp akale. Chifukwa chomwe anapereka chinali chomwechi, chakuti memori ndi purosesa zafika pamapeto. Eni masipika anadandaula kwambiri moti mkulu wa kampaniyo panthawiyo, a Patrick Spence, anapepesa poyera n'kulonjeza kuti zipangizozo zipitiriza kugwira ntchito. Mu Juni 2020 pulogalamu yoyendetsa masipikawa inagawanika pawiri: S1 ya zakale, S2 ya zatsopano. Ma Play:1 amatha kupita mbali iliyonse. Play:5 yoyamba imathera pa S1. Mutha kukhala ndi magulu awiri m'nyumba imodzi, koma sipika ya ku S1 singaimbe limodzi ndi ya ku S2.

Ine ndasankha kukhala pa S1, onse atatu pamodzi. Zili ngati ng'ombe ziwiri pa ngolo, yamphamvu imayendera liwiro la inzake yofooka. Ndavomera zimenezo ndi mtima wonse, chifukwa kwaya ikamaimba pa Play:5 ija mabesi amamveka mpaka pachifuwa, ndipo sindikuona chifukwa choitayira. Chipangizo chamtundu wa 2009 chomwe chikulumikizikabe pa netiweki lero n'kumaimba bwino chonchi ndi chofunika kuchilemekeza.

Kukhala pa S1 kuli ndi mtengo wake, ndipo woyamba ndinakumana nawo pa Pi. S1 imawerenga mafayilo a pa netiweki kudzera mu SMB1, njira yakale ija imene vayirasi ya makompyuta yotchedwa WannaCry inadzeramo mu 2017. Samba, pulogalamu yogawira mafayilo pa Pi, kuyambira pa mtundu wa 4.11 imabwera itaitseka kale njirayi. Ndiye mu fayilo yake ya smb.conf ndinaonjezera mzere wakuti server min protocol = NT1, ndi wina wakuti ntlm auth = yes, foda ya nyimbo n'kuonekera. Chonde musachite zimenezi pa kompyuta yomwe mumasungamo zithunzi za banja kapena za kuntchito. Pi yangayi ilibe china koma nyimbo, fodayo ndi yongowerenga, ndipo kope lina la nyimbo zonse lili mu hard disk ina yomwe imakhala m'dilowa. S1 imalekezanso pa nyimbo za 16-bit, pamene S2 imalandira za 24-bit. Izi sizikundisowetsa tulo, nyimbo zanga zambiri ndi ma MP3.

Ntchito yeniyeni inali pa mndandanda wa nyimbo. Sonos imalola nyimbo zosapitirira 65,000, ndipo ambiri timangoona nambalayo n'kunena kuti tili kutali. Koma zoona zake n'zakuti masipika sasunga nyimbo, amasunga mndandanda wake: dzina la nyimbo, woimba, chimbale, mtundu wa nyimbo, wopeka, ndi njira yonse yofikira pa fayiloyo. Mndandandawo uyenera kukwana m'kamalo kochepa ka memori kaja. Mayina akakhala aatali, malo amatha musanafike n'komwe pa 65,000. Kwa ine zimenezi zinaonekera pa app: oimba ena a kumapeto kwa afabeti kunalibe, pamene mu hard disk analimo.

Tsopano taganizirani mmene nyimbo zathu zimafikira m'manja mwathu. Zina ndinakopera ku ma CD anga, izo n'zaudongo. Koma zambiri zinachokera m'mafulashi ndi m'mamemori khadi a abale ndi anzanga, ena mwa iwo anakaikitsa kwa anyamata oika nyimbo kumsika. Mukatsegula fulashi yoteroyo mupeza foda mkati mwa foda mkati mwa foda, ina "New Folder (3)", ina "zonse zatsopano za December osafufuta". Dzina la fayilo limakhala ndi woimba, dzina la nyimbo, dzina la webusaiti yomwe inachokera, nthawi zina mpaka nambala ya foni ya woikayo. Pamalo polemba chimbale pali malonda. Pa mtundu wa nyimbo wina analemba Gospel, wina gospel, wina Gosple, wina Malawi Gospel Hits, ndipo kwa sipika zonsezi ndi zinthu zinayi zosiyana zofuna malo akeake. Nyimbo imodzi ya kwaya ndinaipeza m'mafoda ochuluka zedi, paliponse ndi dzina lina.

Ndakhala madzulo ambiri ndi Mp3tag, pulogalamu yokonzera mayina a nyimbo. Ndinayamba ndi kufufuta zobwereza, ndikumasiya yomveka bwino pa zonsezo. Kenako ndinafupikitsa njira kuti ikhale woimba, chimbale, nambala ndi dzina la nyimbo, basi. Foda yaikulu ndinaitcha "n". Zikuoneka zazing'ono, koma dzina limenelo limabwerezedwa pa nyimbo iliyonse. Mitundu ya nyimbo ndinaichepetsa kukhala yowerengeka, ndipo malo a wopeka ndinawasiya opanda kanthu kupatula pomwe ndikumudziwadi. Maulaliki ndi mapulogalamu a pa wailesi ndinawasamutsira ku foda ina yomwe masipika saiona. Nditauza app kuti iwerengenso, onse anabwera mpaka wotsiriza.

Ndinene mosabisa, ntchito imeneyi inandikoma kuposa mmene ndinkaganizira. Pokonza mayina umakakamizika kumvera nyimbo kuti udziwe kuti ndi ya ndani. Ndinapeza nyimbo za magitala zakale zomwe bambo anga ankakonda, zitabisala pansi pa dzina lakuti Track 07. Zina sindinazizindikire, ndiye ndinaziika mu foda yapadera kuti ndikafunse amalume akadzabwera. Khutu lawo silisokoneza oimba a nthawi imeneyo.

Kusiyana kwina n'kwa kunja kwa bokosi. Play:5 yoyamba ili ndi pobayira waya wa mawu, pobayira mahedifoni, ndi mabowo awiri a Ethernet. Play:1 ili ndi bowo limodzi la Ethernet, pobayira mawu palibe. Ndiye sipika ya memori yochepa ija ndi yomwe ikulandira mawu a kaseti yanga n'kuwagawira anzake m'zipinda zina. Onse atatu alibe Bluetooth yomvera nyimbo, ndiponso alibe AirPlay 2 (njira ya Apple yotumizira nyimbo ku sipika), yomwe inabwera mu 2018 pa masipika ena monga Sonos One, Beam, Playbase ndi Play:5 yachiwiri. Pa WiFi ya pakhomo amadalira 2.4 GHz. Kukhitchini nyimbo zinkadukaduka, makoma athu a njerwa zowotcha sachita nthabwala. Nditabaya Play:5 pa rauta ndi waya, masipika anapanga netiweki yawoyawo yotchedwa SonosNet. Ndinaiika pa chanelo 11, rauta pa chanelo 1, ndipo kudukaduka kunatha. Ndapatsanso sipika iliyonse, komanso Pi, IP yosasintha, kuti magetsi akazima n'kuyakanso aliyense abwerere pamalo pake.

Amene mukufuna kugula zogwiritsidwapo kale ntchito, musadalire chithunzi. Mwachitsanzo, Connect (kabokosi ka Sonos kolumikizira masipika wamba) yakale ndi yatsopano zimafanana kwambiri kunja, koma ina imathera pa S1 pamene inzake imafika pa S2. Mupempheni wogulitsayo akutumizireni zomwe app ikuonetsa, kapena atsegule tsamba la 1400 lija muone nambala ya memori ndi maso anu. Dziwaninso kuti zatsopano monga Arc, Five, Roam ndi ma Era zimafuna S2, sizingalowe m'gulu ngati langali. Ngakhale Play:1 ndi Sonos One, zomwe zimaoneka ngati za bere limodzi, app siilola kuziphatikiza kuti ina ikhale kumanzere ina kumanja.

Chotsatira ndi makaseti. Ali m'katoni yodzaza, ambiri a makwaya a kwathu omwe sanatulukepo pa CD. Ndikufuna kuwajambula pa kompyuta, kudula mbali iliyonse nyimbo imodziimodzi, n'kuzilemba mayina aafupi kuyambira pachiyambi. Ndikuganizanso zoyesa Plex, pulogalamu yosungira ndi kugawa nyimbo, pa Pi ija, popeza imasunga yokha mndandanda m'malo mwa masipika, kuti maulaliki aja abwererenso. Ngati alipo wa inu amene anaiyendetsapo Plex pa S1 ndi intaneti yodukaduka ngati yathuyi, andiuze mmene zinayendera ndisanayambe.