Kuchoka pa Ntcheu kupita ku Dedza Stadium ndi mwana pa tsiku la mpira

Loweruka loti Bullets ikubwera kudzasewera ndi Dedza Dynamos, siteji ya minibasi pa boma la Ntcheu imayamba kufiira 8 koloko isanakwane. Majezi ofiira, zipewa zofiira, wina wamanga mbendera m'khosi. Pakati pa gululo mumaona abambo atagwira ana awo padzanja. Wina mwana wake ndi wa Sitandade 3, wina ndi mnyamata woti ndevu zayamba kumera koma akutsatirabe bambo ake pambuyo atanyamula jumbo ya kamba. Mtunda wake ndi wa makilomita pafupifupi 75 mu msewu wa M1, ndipo wopita yekha sauganizira n'komwe. Wopita ndi mwana ayenera kuuganizira kuyambira dzulo lake.

Lachisanu madzulo tsimikizani pa wailesi kapena pa tsamba la Facebook la timu kuti masewero alipodi, ku bwalo liti, nthawi yanji. M'mawa mumverenso, chifukwa masewero amatha kusunthidwa. Kawirikawiri mpira umayamba 2:30 kapena 3 koloko masana, choncho pa Ntcheu muzinyamuka pakati pa 8 ndi 9 koloko. Galimoto yaing'ono imatha mtundawu mu ola limodzi ndi mphindi zochepa, koma minibasi imadya maola awiri kapena kuposa chifukwa choima paliponse pomwe pali munthu wokweza dzanja.

Chimene chimapusitsa ambiri ndi nyengo. Pa Ntcheu m'mawa dzuwa limatha kukhala bwinobwino, mwana n'kuumirira kuti avala jezi yokha kuti anthu aone timu yake. Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, pansi pa phiri lofika mamita pafupifupi 2,200, ndipo mu June ndi July mphepo yake ikafika 4 koloko imalowa mpaka m'mafupa. Pogula jezi ya mwana gulani yokulirapo kuti azivala pamwamba pa juzi. Kutero kufiira kukuoneka, iye akufunda, ndipo jeziyo adzaivalanso chaka chamawa. Nsapato zikhale zotseka. Patapata amavuka pageti anthu akayamba kupondana, ndipo simungawerame kuti mumutole.

Ndalama zigawidwe patatu, m'matumba osiyana: yopitira, ya pageti ndi chakudya, ndi yobwerera. Yobwererayo ibisike mkati, ikhale yoposerapo pa yopitira, ndipo isakhudzidwe ngakhale mwana alirire vuvuzela. Tengani ma K500, K1,000 ndi K2,000 ambiri m'malo mwa K5,000, chifukwa tchenji cha kondakitala chimachedwa, ndipo mukatsika mwachangu chimaiwalika. Mpamba kapena Airtel Money ikhale yodzitetezera basi, poti pamene pasonkhana anthu ambiri netiweki imalemera. Mtengo wa minibasi umasintha ndi mafuta, ndiye funsani amene wayenda sabata yomweyo. Chinthu chaching'ono chomwe ambiri amachinyozera ndi kapepala. Lembanipo dzina lanu ndi nambala yanu ya foni, ndi ya mayi ake, muike m'thumba la mwana. Mwana woloweza nambala pamtima amaiiwala akangosochera n'kuyamba kulira.

Pasiteji musakwere minibasi chifukwa woitanira wakukokani dzanja. Yang'anani ngati okhala mkatiwo ali ndi katundu, chifukwa ena amangokhalamo kuti ioneke yodzaza, n'kumatsika mmodzimmodzi inu mutalipira kale. Funsani kondakitala mafunso awiri anthu akumva: "Achimwene, mufika mu Dedza kapena mutigulitsa pa Lizulu?" ndi "Mulowa m'tauni kapena mutisiya pa M1?" Tauni ya Dedza ili pambali pa msewu waukulu, ndipo minibasi zopitirira ku Lilongwe zina zimangotsitsa pamphambano, inu n'kufunikanso ya kabaza. Mwana wopitirira zaka 6 kapena 7 mulipirireni mpando wake. Kumufungatira maola awiri kumachititsa dzanzi miyendo yonse, ndipo mukafika mwatopetsana kale. Mpando wa pakhomo ndi wovuta chifukwa mumatsika pa siteji iliyonse kuti ena adutse. Mwana akhale pawindo, inu pambali pake.

Mukangodutsa Biriwiri msewu umayamba kukwera, ndipo m'minibasi nkhani ya mpira imakhala itakolera. Apa m'pamene ana amafunsa funso lomwe limamveka pafupifupi ulendo uliwonse: "Ababa, bwanji timasapota timu ya ku Blantyre pomwe ife kwathu n'ku Ntcheu?" Yankho lake loona ndi wailesi. Kalelo m'dziko muno munali MBC yokha, ndipo mpira unkafika m'midzi ya kwa Gomani kudzera m'mawu a woulutsa, anthu atazungulira kawailesi kamodzi pakhonde, mabatire atayanikidwa padzuwa kuti afike kumapeto. Agogo a mwanayu mwina sanamuonepo Kinnah Phiri ndi maso, kapena Lawrence Waya, osewera otchuka a Bullets a kale, koma ankawadziwa ngati ana a m'mudzi momwemo. Timu imene inkakoma m'khutu ndi imene inalowa m'banja, ndipo yatsika kuchoka kwa agogo kufika kwa bambo monga momwe mfunda umatsikira.

Bambo wodziwa timu yake ali ndi zambiri zoti anene pakati pa Mlangeni ndi Lizulu. Bullets inayamba mu 1967 pamene osewera ena anachoka ku Wanderers n'kupanga timu yawoyawo, ndipo n'chifukwa chake Maule (a Bullets) ndi Manoma (a Wanderers) sagwirizana ngakhale atabadwa bere limodzi. Dzina lasintha kangapo: Bata Bullets, Total Big Bullets, Bakili Bullets, mpaka Nyasa Big Bullets. Mungadziwe msinkhu wa munthu pongomva dzina limene limayamba kutuluka pakamwa pake, ndipo akuluakulu ambiri mpaka lero amangoti Bata. Mu 2004, ili Bakili Bullets, inafika mu ndime ya magulu ya CAF Champions League. Kuyambira 2018 mpaka 2023 inatenga ligi kasanu motsatizana pansi pa mphunzitsi Kalisto Pasuwa, kenako Silver Strikers n'kulanda mu 2024. Mwana amakonda kwambiri gawo lomalizali chifukwa iye analipo, ndipo muloleni akukonzeni mukasokoneza dzina la wosewera wa masiku ano. Kunyumba bambo ndi mwana wamwamuna sachezerana nthawi yaitali chonchi. Nkhani zawo zimakhala za sukulu, za mbuzi zomwe zalowa m'munda, za kutumana. Pampando wa minibasi mwana amatsutsa bambo ake poyera za amene ayenera kuyamba kutsogolo, ndipo palibe amene amati wachita mwano.

Pa Lizulu minibasi imaima nthawi yaitali. Msewu womwewo ndiwo malire: kumanzere kwanu popita ku Dedza ndi Mozambique, kumanja ndi Malawi. Mwana amasangalala kuuzidwa kuti akuona dziko lina pawindo, koma asatsike yekha kuti akaponde, chifukwa malole ndi mabasi amadutsa pakati pa msika. Foni nayo imatha kulumphira pa netiweki ya tsidya linalo, ndiye muyang'ane musanaimbe. Gulani nthochi, mtedza kapena chimanga chootcha kudzera pawindo. Kachewere, kabichi ndi tomato n'zokopa maso ndithu, koma musagule popita. Simungalowe nazo m'bwalo, ndipo dzanja lanu likufunika kugwira mwana.

Kuchoka apo mumadutsa pa Masasa, pomwe msewu wotsetsereka wopita ku Golomoti umapatukira kumanja, kenako mphambano ya ku Bembeke, phiri la Dedza n'kuonekera kutsogolo ndi mitengo yake ya paini.

Mukafika cha m'ma 11 koloko, idyani kaye. Nsima ya m'malesitilanti a pafupi ndi msika imasunga mimba mpaka madzulo. Ngati ndi tchipisi cha pachiwaya, sankhani pomwe akukazinga inu mukuona ndipo mafuta akuwira, osati chomwe chaunjikidwa pambali kuyambira m'mawa, ndipo mwana asamuikire kabichi wosaphika. Mimba ikavuta mkati mwa bwalo ulendo wonse watha. Madzi tengani mabotolo awiri apulasitiki a theka la lita. Botolo lagalasi lisiyeni, pageti amatha kukulandani. Mwana apite kuchimbudzi musanalowe, afune asafune.

Pageti ndi pamene ndikufuna abambo amve bwino. Lowani ola limodzi ndi theka mpira usanayambe. Inde, mwana atopa kudikira, koma kukankhana konse kumachitika mphindi 30 zomaliza, pamene obwera mochedwa amva kuti matimu atuluka. Pa 6 July 2017, pa Bingu National Stadium ku Lilongwe, anthu 8 anafa popondana pageti pa chikondwerero cha ufulu wodzilamulira, tsiku lomwe Bullets inkasewera ndi Silver Strikers, ndipo 7 mwa iwo anali ana. Bwalo la Dedza ndi laling'ono kwambiri poyerekeza ndi limenelo, koma chifuwa cha mwana chili pa msinkhu wa zigongono za akuluakulu kulikonse. Pamzere mwana akhale kutsogolo kwanu, manja anu onse ali paphewa pake, osati pambali mutamugwira dzanja, chifukwa gulu likakankha dzanja limapulumuka. Mukaona mzere wasanduka chigulu, tulukanimo mudikire pambali. Tiketi gulani kwa ogulitsa ovomerezeka okha. Wobwera n'kukunong'onezani kuti akulowetsani motchipa mukaneni, ndipo kachidutswa ka tiketi kasungeni mpaka mutatuluka. Mukangolowa, musonyezeni mwana malo amodzi oonekera bwino n'kumuuza kuti, "Tikatayana uime apa, usandifune, ndibwera ndine."

Pokhala sankhani mbali ya masapota a timu yanu, koma kumphepete. Pakati pa oimba ng'oma pamakoma ndithu, nyimbo zake ndi zimene mwana adzaimbe sabata yonse, koma pomwepo ndi pamene pali mowa, utsi ndi mawu oti simungafune akawabwereze pamaso pa mayi ake. Akhale poti akuwamva koma osapanikizika nawo. Pewaninso pamalire pa magulu awiri a masapota, poti mwala ukauluka umatera pamenepo. Yang'anani komwe dzuwa likulowera mukhale molifulatira, kupanda kutero chigawo chachiwiri chonse mudzaonera dzanja lili pachipumi. Katoni kapena chitenje chakale n'chothandiza pokhalira. Kunyamula mwana paphewa kusungireni nthawi ya penate kapena kona, chifukwa mphindi 45 khosi silingapirire, ndipo akumbuyo ayamba kudandaula.

Mwana wozolowera mpira wa pa TV amasokonezeka poyamba: palibe wofotokoza, chigoli sachibwereza. Muuzeni asankhe wosewera mmodzi, makamaka wapakati, amutsate ndi maso mphindi 10 ngakhale mpira uli kwina. Aona yekha momwe amathawira womulonda, momwe amalozera anzake. Ofusayidi imaphunzitsika bwino pomuonetsa wa mbendera m'mbali, yemwe amayenda molingana ndi wotchinga kumbuyo womaliza. Oyimbira akalakwitsa, dziwani kuti mwana sakuyang'ana oyimbirayo, akuyang'ana pakamwa panu.

Pali china chomwe abambo a Maule, a Manoma ndi a Silver ayenera kukonzekera. Dedza Dynamos inayamba kusewera mu Super League mu 2022, ndipo kuyambira pamenepo ana a ku Dedza ndi Ntcheu ali ndi timu yoti angaione ndi maso pafupi, popanda ulendo wa ku Blantyre kapena Lilongwe. Zimachitika kuti mwana wabwera atavala zofiira, koma Dynamos ikachinya n'kuona bwalo lonse likudumpha, nayenso wadumpha. Ine ndimati musamukalipire. Agogo ake anasankha ndi khutu chifukwa ndi chomwe chinalipo, iye akusankha ndi maso. Bambo wa Bullets ndi mwana wa Dynamos ali ndi maulendo ambiri kuposa ogwirizana timu, chifukwa Dynamos imasewera pakhomo kangapo pa mwezi pomwe Bullets mu ligi imabwera kamodzi pachaka.

Zikavuta, miyala n'kuyamba kuuluka kapena utsi wokhetsa misozi n'kuponyedwa, musathamangire kugeti limodzi ndi gulu. Pitani mbali yomwe mphepo ikuchokera, nyowetsani chitenje ndi madzi aja mumuphimbe mwana mphuno ndi pakamwa, ndipo asatikite m'maso chifukwa kutero kumawonjezera kuwawa.

Potuluka ena amati nyamukani kutatsala mphindi 5. Ine sindigwirizana nazo, chifukwa mwana wayenda makilomita 75 kuti amve wezulo yomaliza, ndipo zigoli zambiri zowawa ndi zokoma zimabwera nthawi imeneyo. Khalani pomwepo mphindi 15 kapena 20 gulu lipungule, mwana aone osewera akutuluka. Kenako musazengereze m'tauni. M'miyezi yozizira dzuwa limalowa cha m'ma 5:30, minibasi zimachepa, ndipo zotsalazo zimakweza mtengo poona khamu. Za m'tauni zikadzaza, kwerani kabaza mukaime pa M1, pomwe pamadutsa mabasi ndi minibasi zochokera ku Lilongwe kupita ku Balaka ndi Blantyre, zonse zodzera pa Ntcheu. Ngati masewero atha ndi mkangano, juzi ivalidwe pamwamba pa jezi mpaka mutakwera.

Imbirani mayi ake mukangokhala pansi, musanafike m'dera lomwe netiweki imasokonekera. Mwana amakhala akufotokozabe chigoli chomwe nonse munachiona, koma pofika pa Bembeke mawu amayamba kuchepa, mutu n'kutsamira paphewa panu. Musunthireni kutali ndi windo chifukwa mphepo ya usiku imalowa m'mphepete mwa galasi. Pa Lizulu ogulitsa amakhala alipobe ndi matochi awo, ndipo apa ndiye pogula ndowa ya kachewere ya kunyumba, ngati m'thumba lachiwiri lija mwatsala kanthu.